Misozi m'nyumba ya kanema pa Domwe

Munthu akachoka pa Dedza m'mamawa, nadutsa pa chipata cha Calomue kulowa m'dziko la Mozambique, amayamba waona minda asanaone eni ake. Mizere ya mbatatesi, nyemba ndi chimanga imakwera zitunda ndi kutsikira m'madambo mpaka pomwe maso alekezera. Msewu umamufikitsa pa Ulongwe, likulu la boma la Angonia, pomwe nkhalamba zina zimatchulabe kuti Vila Coutinho, dzina la nthawi ya Apwitikizi. Apo amasintha galimoto, nakwera ina yolowera njira ya ku Furancungo, yodzaza ndi matumba a feteleza, nkhuku ndi anthu othithikana ngati machesi m'bokosi. Galimoto zotere kuno amati chapa.

Choyamba kulonjera mlendo ndi phiri. Phiri la Domwe ndi lalitali kupitirira mamita 2,000, ndipo m'miyezi ya June ndi July limadzuka litafunda chifunga ngati nkhalamba ya m'bulangete. Kuzizira kwa kuno si kwamasewera. Mnyamata woyendetsa ngolo amagwira chingwe cha ng'ombe manja atawabisa m'mikono ya jekete, ndipo amayi a pa msika amayamba asonkha moto asanayale malonda.

Phirili laona zambiri. Ndi pansi pake pomwe Angoni a kwa Maseko adakhazikika cha m'ma 1870, atabwerera kuchokera ku Songea, m'dziko lomwe lero ndi Tanzania, motsogozedwa ndi Chidyaonga. Chikuse adalamulira ali kuno. Azungu atalemba malire awo m'chaka cha 1891, mtundu umodzi udapezeka uli m'maiko awiri, ndipo mpaka lero palibe banja la ku Domwe lomwe lilibe mbale ku Dedza kapena ku Ntcheu. Chinenero ndi chimodzi, ngoma ndi imodzi, maliro amayenderana. Kufupi ndi kuno kuli mishoni yakale ya Lifidzi, ndipo pa Chapotera ndi pomwe ansembe awiri a chipani cha Ajezuwiti, João de Deus Kamtedza ndi Sílvio Moreira, adaphedwa pa 30 October 1985, nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo ili pakolasinga.

Koma nkhani yomwe idatenga malo pa Domwe m'nyengo yachisanu yapitayi siidali ya mafumu kapena ya mitengo ya mbatatesi. Idali ya bambo wina wolemekezeka yemwe adalira, kenaka nakalipa, m'nyumba yoonetsera kanema.

Nyumbayo ili kuseri kwa msika. Ndi ya zidina, denga la malata akale, ndipo pakhomo amatchinga ndi chiguduli kuti osalipira asasuzumire. Mkati muli mabenchi a matabwa osapala, wailesi ya kanema yopachika pakhoma ndi batire lalikulu lomwe limamwa dzuwa usana wonse. Masiku ambiri amaonetsa mpira wa ku England, karate, kapena mafilimu a ku Nigeria ndi ku India. Pafupifupi onsewa amabwera atamasuliridwa kale m'Chichewa ndi anyamata a ku Malawi omwe amalowetsa mawu awo pamwamba pa filimu, kuthirira nthabwala ndi kupatsa anthu a m'filimumo maina atsopano. Mwini nyumbayi, mnyamata wobadwa nkhondo itatha, adakabenetsa pa Dedza filimu ina yaitali ya magawo atatu. Dzina lake ndi The Lord of the Rings, pa Chipwitikizi amati O Senhor dos Anéis, koma pa Domwe idangodziwika kuti kanema wa mphete.

Malume ake a mnyamatayu ndiwo eni nkhani. Ndi bambo wa zaka zopitirira 50, mlimi wa mbatatesi yemwe adaphunzitsako ana kale, ndipo anthu amangowatchula kuti aPulofesa, monga amatchulira aphunzitsi m'dziko muno. Samwa mowa, sakonda mpira, ndipo m'nyumba ya mphwawoyo adali asanalowemo chiyambire. Koma atamva dzina la filimuyo, akuti adasiya khasu m'munda dzuwa lisanafike paliwombo.

Chifukwa chake chidayambira kutali. M'chaka cha 1986, nkhondo itafika poipa ku Angonia, midzi yambiri idatsala mabwinja. Anthu adathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ena kwa abale, ena m'misasa, mpaka chiwerengero cha anthu a ku Mozambique othawira m'Malawi chidafika cha m'ma miliyoni imodzi. APulofesa adathawa ali mnyamata, pamodzi ndi mayi awo ndi alongo awo awiri. Adakhala zaka zisanu ndi ziwiri m'mudzi wina wa m'boma la Dedza, kudya ufa wa pa khadi, phiri la kwawo nkumalionera patali kukacha bwino. Kumeneko adalowa sukulu naphunzira Chingerezi. Tsiku lina m'katoni ya mabuku akale omwe adabwera ngati chithandizo adapezamo buku lothothoka chikuto. Lidali gawo lachitatu lokha la nkhani ya mphete. Loyamba ndi lachiwiri sadawaonepo.

Adaliwerenga movutikira, mawu ambiri akuwalumpha, kwinaku akufunsa aphunzitsi. Sankadziwa kuti mpheteyo idachokera kuti, kapena kuti anthu afupiafupi omwe adainyamula adanyamuka bwanji kwawo. Ankadziwa mathero okha. Tsono usiku woyamba wa kanema, pomwe ena ankaona nthano yatsopano, iwo ankalandira chiyambi cha nkhani yomwe adaisunga m'mutu kwa zaka zoposa 30.

Bukulo adalemba ndi J.R.R. Tolkien, Mngelezi yemwe adabadwira ku Bloemfontein, m'dziko la South Africa, m'chaka cha 1892, koma adakulira ku England. Lidatuluka m'magawo atatu mu 1954 ndi 1955. Filimu yake adakonza ndi Peter Jackson, ndipo adaijambula m'mapiri a kwawo ku New Zealand. Magawo ake adatuluka mu 2001, 2002 ndi 2003, ndipo lomaliza lidalandira mphoto 11 za Oscar. Onse pamodzi amatha maola oposa asanu ndi anayi, nchifukwa chake mphwa uja adawagawa mausiku atatu, poopanso batire.

Usiku woyamba kudali kuseka. Womasulira adatcha anthu afupiafupi aja kuti akafula, ndipo dzinalo lidakhala pomwepo, pakuti ndani kuno sadamvepo za akafula omwe ankafunsa mlendo kuti wawaonera pati? Akafula a m'filimu amayenda opanda nsapato, nyumba zawo amakumba m'zitunda, amalima, amasuta fodya ndipo amakonda kudya kuposa china chilichonse. Anthu adati awa ndi anansi athu. Nkhalamba yandevu zotuwa, Gandalf, idasanduka sing'anga. Kanthu kowonda kosowa mtendere kaja, Gollum, adakatcha ndondocha. Za mphete yokhayo sipadafunike kufotokoza zambiri: chinthu chopatsa mphamvu koma nkumadya mwini wake pang'onopang'ono, mpaka kuiwala abale ndi dzina lake lomwe. Amayi ena kumbuyo adanong'onezana kuti kukhwima kumatero.

APulofesa adakhala kutsogolo pa mpando womwe mphwawo adawabwerekera ku golosale. Sadaseke kwambiri. Milomo yawo inkangoyenda, kutchula maina omwe adawawerenga kalekale osadziwa nkhope zake. Pena pake m'gawo loyambalo, mkafula Frodo amayang'ana m'madzi a mfumukazi ina naona mudzi wakwawo ukuyaka moto, anthu ake atamangidwa. Apo aPulofesa adagwedeza mutu nauza woyandikana nawo kuti asunge chithunzi chimenecho, nkhani yake ikubwera.

Usiku wachiwiri anthu adachuluka mpaka ena adakhala pansi. Mfuwu waukulu udamveka pomwe Sam, wolima dimba yemwe amaperekeza Frodo, ankaphika akalulu kuthengo nkumadandaula kuti pakusowa mbatatesi, ndondocha ija osadziwa kuti mbatatesi nchiyani. M'dziko la kachewere lino nthabwala imeneyo idagwera pa nthaka yachonde. Wina adakuwa kuti amutumizire thumba limodzi pa ngolo. Mitengo itazuka kupita kukamenyana ndi mfiti Saruman yemwe ankaidula kuti asonkhere ng'anjo zake, anyamata adayamba kuloza anzawo ootcha makala, kuwauza kuti tsiku lawo likubwera.

Koma kuseka kudatha pomwe anthu a dziko la Rohan adayamba kuthawa. Mudzi ukuyaka, mayi akukweza ana ake awiri pa kavalo kuti atsogole okha, mzere wautali wa anthu osenza mitolo ukukwera chitunda, nkhalamba zikutsalira m'mbuyo. Kenaka amayi ndi ana akubisala m'phanga, asilikali nkumadutsa pakati pawo kutenga anyamata ang'onoang'ono ndi kuwaveka zipewa zachitsulo zowakulira. Womasulira yemwe adayesa kuponyapo nthabwala, koma m'nyumbamo mudangoti zii. Ana ankayang'anabe kanema. Akuluakulu ankayang'ana pansi. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa pakhomo, yemwe adalowa mwaulere, adadzuka natuluka, nakaima panja m'chisanu mpaka nkhondo ya m'filimuyo idatha.

Usiku wachitatu ndiwo udabala nkhani. Mphete iyenera kukaponyedwa m'phiri la moto lomwe pa Chingerezi amati Mount Doom, ndipo makutu a kuno sadachedwe kumva kuti Domwe. Kuyambira pamenepo aliyense ankati akafula akukwera Domwe. Ali m'katikati mwa phirilo, Frodo amagwa, mphamvu zitamuthera, milomo itang'ambika ndi ludzu. Sam amamukumbutsa za kwawo, za minda ndi zipatso, koma mnzakeyo sakumbukanso kukoma kwa chakudya. Ndiye Sam amamubereka kumsana nayamba kukwera naye.

Apa ndi pomwe aPulofesa adagonja. Adavula chipewa nabisa nkhope, mapewa akugwedezeka. Ana omwe adali pafupi adasuntha, pakuti mwamuna wamkulu kulira pagulu, popanda maliro, si chinthu chomwe adazolowera. Okhawo a msinkhu wawo ankadziwa kuti usiku wothawa uja mu 1986, mnyamata uja adabereka mlongo wake wamng'ono kuchokera kumudzi mpaka kudutsa malire, mwanayo atatupa mapazi, mayi awo atasenza mphika ndi mphasa. Mlongo ameneyo adachira nakula, ndipo ndiye mayi wa mwini nyumba ya kanemayi.

Mphete itangogwera m'moto, batire lidatha. Mdima udagwa, anthu adakuwa, ena akufuna ndalama zawo. Padapita nthawi mnyamata uja asanabwere ndi batire lina lobwereka. APulofesa adapukuta m'maso, nauza anthu mumdima momwemo kuti asachoke, chifukwa gawo lenileni la nkhaniyi lidali lisanafike. Adati zonse zomwe aona ndi njira chabe, koma tsopano aona zomwe akafula adapeza atafika kwawo.

Kanema atayakanso, mfumu idavekedwa ufumu, anthu onse adagwadira akafula anayi aja, ndipo iwo adakwera timahatchi tawo kubwerera kumudzi. Adafika. Udzu uli wobiriwira, mipanda ili chilili, maluwa pakhomo, nkhalamba ina ikusesa pabwalo nkumawayang'ana ndi diso loipa. Palibe nyumba ngakhale imodzi yomwe idapsa.

APulofesa adaimirira. Adati iyi si nkhani yake, wina wadulapo. Mawu awo adakwera mpaka a kumbuyo adayesa kuti munthu waledzera.

"Malume, khalani pansi, mukutchingira anthu," adatero mphwawo.

"Iwe, wakuba ndi amene adakubenera. Wakupatsa yoduka."

Koma filimuyo siidali yoduka. Mutu womwe aPulofesa ankaudikira, Peter Jackson adausiya dala. M'buku, akafula amafika usiku napeza chipata chotseka pa mlatho wolowera kwawo. M'makoma mwakhomedwa malamulo. Anthu achilendo okhala ndi zibonga akusonkhetsa chakudya, akuti akagawe mwachilungamo, koma chikapita sichibwerera. Odandaula akutsekeredwa. Mitengo ya m'mbali mwa msewu yadulidwa, nyumba zakale zagumulidwa, ndipo mtengo waukulu wa pabwalo pomwe ankachitira madyerero wagona pansi. Ena mwa akafula eni ake akugwira ntchito ya upolisi kwa atsamunda atsopanowo. Woyambitsa zonsezi ndi Saruman yemwe uja. Anayiwo amadzutsa mudzi, pamachitika nkhondo, ena amafa. Saruman atagwidwa, Frodo amaletsa anthu kumupha, ngakhale adayesa kumubaya. Pambuyo pake Sam amayenda dziko lonse kubzala mitengo, paliponse akuthira kadothi komwe adapatsidwa paulendo.

Izi pa Domwe sizifuna womasulira. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992 pakati pa Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama, anthu a ku Angonia sadadikire magalimoto. Ambiri adabwerera wapansi, poyamba amuna okha kukaona, kenaka mabanja. Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Koma kwawoko adapeza tchire. Banja la aPulofesa lidazindikira pomwe padali nyumba yawo poona mafuwa ndi mphero. Khola lidalibe ng'ombe, mapichesi omwe bambo awo adabzala adali zitsa, sukulu idalibe denga, ndipo njira zina ankaopa kuziponda kaamba ka mabomba okwirira. Dziko la Mozambique lidalengeza kuti lathana ndi mabomba amenewa mu 2015, patatha zaka 23. Choposa zonse, pa chitsime ndi pa msika ankakumana ndi anthu omwe ankadziwa bwino lomwe zomwe adachita m'nthawi ya nkhondo, ndipo ankapatsana moni.

Mnyamata uja adawerenga mutu umenewu ali ku Dedza, asanabwerere. Atafika mu 1993 naona bwinja, akuti chomwe chidamugwira mtima nchakuti munthu wina, kutali, adadziwiratu kuti kubwerera kwawo kumakhala kotere. Tolkien yemwe adamenya nawo nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ku Somme mu 1916, ndipo pofika 1918 anzake apamtima onse adali atafa kupatula mmodzi. Iye ankakana kuti nthano yake ndi fanizo la nkhondo ina iliyonse. Komabe munthu yemwe adabwerako ku nkhondo amadziwika ndi kalembedwe kake.

Chomwe chidakhazika pansi aPulofesa si mphwawo, koma kanema yemweyo. Akafula anayi aja amalowa m'nyumba yomwera mowa, nakhala pa tebulo limodzi. Anthu onse ali pa chipwirikiti, akuzungulira munthu wina yemwe wabwera ndi dzungu lalikulu. Palibe yemwe akuwafunsa komwe adali. Iwo amangoyang'anana, osayankhula kanthu, nakweza zikho zawo pang'ono. APulofesa adakhala chiimire kwa kanthawi, kenaka adafufuza mpando ndi dzanja nakhala. Frodo atakwera chombo kuchoka kwawoko, chifukwa bala lake lidakana kupola, adaliranso, koma ulendo uno mwakachetechete, ndipo sadali okha.

M'mawa mwake nkhani idali ponseponse pa msika, pa chigayo ndi pokwerera njinga zamoto. Achinyamata ankaseka kuti aPulofesa afuna kumenyana ndi wailesi ya kanema. Koma pakati pa akuluakulu padabuka mtsutso weniweni. Mayi wa zitumbuwa uja adati wokonza filimuyo adachita bwino. Mabwinja adawaona ndi maso ake, safuna kulipira ndalama kuti akawaonenso. Adati asiyeni ana a eni ake apeze nyumba zawo zili chilili, ngakhale m'kanema mokha, munthu aoneko momwe zikadakhalira. APulofesa adayankha mwaulemu kuti amayi akunena zoona, koma m'nyumba muja anthu atatu mwa anayi alionse adali ana obadwa mtendere utabwera, ndipo atuluka akuganiza kuti nkhondo imachitikira kutali, ikatha munthu amangobwera kudzatsekula chitseko.

Mawu a mayiyo ndi ovuta kuwatsutsa, pakuti adachokera pa chilonda. Komabe filimu yomwe idapeza nthawi yoonetsa njovu zankhondo ndi mizukwa yobiriwira ikadatha kupezanso kamphindi ka chitsa chimodzi pabwalo la mudzi. Anthu omwe adaikonza adaona kuti mphete ikapsa nkhani yatha. Kuno anthu amadziwa kuti mfuti zitaleka kulira ndi pomwe ntchito idayamba: kusosa tchire, kupempha mbewu ku Malawi, kugula ng'ombe imodziimodzi. Ngolo zomwe lero zimatsika ndi matumba a mbatatesi kupita ku msewu, ndi malata omwe amawala m'midzi ya m'munsi mwa phiri, zonsezi zidachokera pa mafuwa atatu aja.

Buku lija aPulofesa alibenso. Lidanyowa ndi mvula chaka choyamba chobwerera, denga la udzu lisanakhwime, ndipo chiswe chidamaliza. Koma Lamulungu lotsatira, atatuluka m'tchalitchi, ana angapo omwe adali m'nyumba ya kanema adawatsatira mpaka kwawo, kufuna kumva gawo lomwe lidadulidwalo. Mphwawo nayenso adabwera, atatseka nyumba yake masana onse, zomwe sachita ngakhale pa maliro a kutali.

Adakhala pansi pa mapichesi omwe aPulofesa adabzala pambali pa zitsa za bambo awo. Adafotokoza za chipata chotseka, za malamulo a pakhoma, za mtengo wa pabwalo. Ana adafuna kudziwa ngati mtengo womwe Sam adabzala m'malo mwake umabala zipatso zodyedwa, ndiponso ngati akafula omwe adagwira ntchito ya upolisi aja adalipitsidwa mbuzi. APulofesa adati sadalipitsidwe, adangovula zipewa zawo nabwerera kumunda.

Dzuwa lidali litapendeka, mthunzi wa phiri utayamba kutsikira m'dambo, pomwe kamtsikana kena ka zaka ngati khumi kadafunsa.

"Agogo, nanga Saruman wa kuno adali ndani?"

APulofesa adayang'ana mphwawo, nayang'ananso njira yodutsa kumpanda, momwe bambo wina wa msinkhu wawo ankakankha njinga yosenza nkhuni. Adapatsana moni ndi bamboyo, kufunsana za kunyumba ndi za chifuwa chomwe chavuta ana chaka chino. Atapita, adauza kamtsikanako kuti kathamange kakaone ng'ombe, zayandikira dimba la eni ake.